Ndimapemphera koma mtima sukhala pansi: kodi Mulungu wandikwiyira?

Funso: Abusa, ndine mayi wa zaka 41, ndimakhala ku Ndirande ndi ana atatu. Bambo akunyumba ali ku Joni ndipo mapepala awo adatha. Ine ndimachita geni ya kaunjika, koma ndili ndi ngongole ku banki mkhonde. Kuyambira chaka chatha tulo ndimangotilawa kumayambiriro kwa usiku. Ikamati 2 koloko ndimadzidzimuka mtima ukugunda, thukuta lili kamukamu, manja achita dzanzi, mpweya ukundiperewera, moti ndimangoti basi ndikufa. Foni ikalira ndimayamba ndanjenjemera ndisanaone n'komwe woimbayo. Ndasala kudya, ndakwera kuphiri, mapemphero a usiku wonse sindiphonya. Mayi wina wa ku Mvano anandiwerengera Afilipi 4:6 n'kundiuza kuti nkhawa ndi tchimo la kusakhulupirira. Winanso akuti alipo amene akundilodza kumudzi. Kodi Mulungu wandikwiyira? Nanga ndikapita kuchipatala ndiye kuti ndamukayikira?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mafunso anu awiri omalizawo, chifukwa ndikuona kuti ndi amene akukulemerani kuposa ngongoleyo. Mulungu sanakukwiyireni. Kupita kuchipatala sikumukayikira ayi. Zimene mwafotokozazi n'zodziwika bwino kwa ife amene timagwira ntchito ya uphungu, chimene chimaziyambitsa n'chodziwikanso, ndipo anthu amachira.

Mayi a ku Mvano aja sananame kuti vesilo lilimo. Lilimodi: "Musadere nkhawa konse, komatu m'zonse ndi pemphero, ndi pembedzero, pamodzi ndi chiyamiko, zopempha zanu zidziwike kwa Mulungu." Vuto n'lakuti ambiri a ife timangotola mawu atatu oyambirirawo n'kumakwapula nawo anzathu. Tsegulani Baibulo lanu muone mawu amene ali kutsogolo kwake, kumapeto kwa vesi 5: "Ambuye ali pafupi." Paulo akuyamba wawauza kuti sali okha, kenako ndi pamene akuti musadere nkhawa, ndipo sakulekera pomwepo, akuwaonetsa kokapita nayo nkhawayo. Umu ndi mmene mayi amayankhulira ndi mwana amene wadzidzimuka kutulo: usaope, ndili pompano. Mwanayo sakuimbidwa mlandu.

Ndiye taonani amene akulembayo. Kalata imeneyi Paulo anailemba ali m'ndende, asakudziwa ngati atuluke wamoyo. Mumpingo wa ku Filipi munali mkangano wa amayi awiri, Euodiya ndi Suntuke, mpaka anachita kuwatchula mayina. Epafrodito, amene mpingo unamutuma kukamutumikira, anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa, ndipo Paulo akuvomera yekha kuti mnzakeyo akanamwalira chisoni chake chikanasanjikizana. Munthu ameneyu sanali kulemba ali phee pakhonde.

Pali ndime ina imene sindimaimva kawirikawiri paguwa, koma ikufanana kwambiri ndi zanuzi. Pa 2 Akorinto 2:12-13 Paulo akuti anafika ku Troasi, Ambuye atamutsegulira khomo loti alalikire, koma mtima wake sunakhale pansi chifukwa sanam'peze Tito, amene ankayembekezera kuti abwera ndi uthenga. Anausiya mwayi wolalikirawo n'kupita ku Makedoniya kukamufuna. Kumenekonso, pa 7:5, akuti thupi lawo linalibe mpumulo, kunja kunali zolimbana, m'kati munali mantha. Mtumwi wathunthu, wodikira uthenga wa munthu amene ali kutali, mtima uli m'mwamba. Inu mukamadikira foni yochokera ku Joni mukudziwa mmene zimenezi zimakhalira. Ndipo vesi lotsatira likunena mmene Mulungu anamutonthozera: Tito anafika. Sakutchula masomphenya kapena mngelo, akutchula munthu amene anabwera ndi miyendo yake. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Ambuye Yesu mwini wake, m'munda wa Getsemane, anauza Petro, Yakobo ndi Yohane kuti moyo wake wazingidwa ndi chisoni chofika nacho kuimfa, n'kuwapempha kuti akhale naye m'maso. Luka, amene anali dokotala, akulemba za thukuta lake logwa pansi ngati madontho a magazi. Kalata ya kwa Ahebri 4:15 ikuti Yesu anayesedwa m'zonse monga ife koma sanachimwe. Ndiye ngati kuvutika mumtima mpaka thupi kutuluka thukuta pakati pa usiku kukanakhala tchimo, ndime ziwirizi sizikanagwirizana. Ilipo nkhawa imene Yesu anaidzudzula pa Mateyu 6, ya munthu amene chuma chasanduka mbuye wake, moyo wake wonse n'kumangozungulira pa kudya ndi kuvala ngati kuti kumwamba kulibe Atate. Imeneyo ndi nkhani ya kumene munthu waika mtima wake. Koma mtima wogunda 2 koloko usiku simunausankhe inu, ndipo sungayezere kukula kwa chikhulupiriro chanu.

Tsopano ndikufotokozereni chimene chimachitika m'thupimo, chifukwa munthu akachidziwa mantha amayamba kuchepa. Mulungu anatilenga ndi mbali ya ubongo imene ntchito yake ndi kulonda. Ikaona ngozi imatumiza uthenga ku tiziwalo tina timene tili pamwamba pa impso, ndipo timeneti timathira m'magazi mankhwala a m'thupi otchedwa adrenaline. Nthawi yomweyo mtima umathamanga kuti magazi afike msanga m'miyendo ndi m'manja, mpweya umakokedwa mofulumira, thukuta limatuluka, m'kamwa mumauma, m'mimba mumatembenuka. Mutakumana ndi njoka panjira, zonsezi n'zimene zingakupulumutseni. Koma munthu akakhala miyezi yambiri pa mavuto osatha, mlondayu amasanduka ngati galu amene anaberedwapo pakhomo, wouwa ngakhale bango likagwa padenga. Kulira kwa foni, ganizo la tsiku la banki, ngakhale loto limene simukulikumbuka, n'zokwanira kumudzutsa.

Dzanzi la m'manjalo lili ndi chifukwa chake. Mukamapuma mofulumira mumatulutsa mpweya woipa wambiri kuposa mlingo wake, ndipo zikatero zala ndi milomo zimachita dzanzi, mutu umachita chizungulire, pachifuwa pamakhala ngati pathina. Inu mukamva zimenezi mumati ndikufa, ganizolo limawonjezera adrenaline, mtima n'kuthamangiratu. Azachipatala amazitchula kuti panic attack. Nthawi zambiri zimafika pachimake m'mphindi 10, kenako n'kuyamba kutsika zokha, ngakhale kuti zimamusiya munthu ali wefuwefu. N'zoopsa kuzimva koma pazokha sizipha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, amayi kuposa abambo, ndipo mwa anthu 4 alionse ofunika thandizo ndi mmodzi yekha amene amalilandira. Pakati pa anthu amenewa pali madikoni, amayi a Mvano, oimba kwaya ndi abusa amene.

Apa ndinenepo chinthu chimene mwina abusa anzanga ena sangakondwe nacho. Kusala kudya ndi mapemphero a usiku wonse muyambe mwaziimika kaye. Sindikunyoza zimenezi, ndi miyambo yabwino ya mpingo pa nthawi yake. Koma munthu wosagona ubongo wake umachita mantha msanga, ndipo munthu wosadya shuga amatsika m'thupi, n'kuyamba kunjenjemera, mtima kugunda, thukuta kutuluka. Mukuona kuti ndi zizindikiro zomwe zija zimene mukuzithawa? Mukusala kuti zichoke, kusalako kukuzibweretsa, inu n'kumati ndiye kuti sindinasale mokwanira. Ambiri amafooka motere akuganiza kuti akulimbana ndi ziwanda.

Werengani 1 Mafumu 19 mofatsa. Eliya anali atangochoka paphiri la Karimeli pamene moto unatsika kumwamba pamaso pa anthu onse. Ngati alipo munthu amene sitingamunene kuti analibe chikhulupiriro ndi ameneyu. Yezebeli atangomutumizira mawu oti mawa lake amupha, anathawa mpaka ku Beereseba, n'kumusiya mnyamata wake kumeneko, n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu. Anakhala pansi pa mtengo n'kupempha kuti afe. Taonani zimene Mulungu anachita. Sanamulalikire. Anamuleka kuti agone. Mngelo anamudzutsa n'kumupatsa mkate wootcha pamakala ndi madzi, Eliya anadya n'kugonanso, mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya n'kumuuza kuti ulendo wamukulira. Mafunso anabwera pambuyo pake, ku Horebu, ndipo kumeneko Mulungu anamulola kudandaula kawiri ndi mawu omwewomwewo. Atamumvetsera ndi pamene anakonza ganizo limene linkamuzunza. Eliya ankati ndatsala ndekhandekha, Mulungu anati alipo 7,000 amene sanagwadire Baala. Kenako anamupatsa ntchito yoti akachite ndi mnzake woyenda naye, Elisa. Tulo ndi chakudya zinali poyamba. Ife kawirikawiri timayambira kumapeto, munthu wotopa timamuwonjezera usiku wina wosagona. Salimo 127:2 limati Mulungu amapatsa okondedwa ake tulo, ndiye kugona kwanu musakuone ngati ulesi wauzimu.

Za kulodzedwazo sindikangana ndi munthu pano. Ndingokufunsani funso limodzi: kuchokera tsiku limene munauzidwa kuti wina akukulodzani kumudzi, mantha anu achepa kapena achuluka? Munthu amene ali kale ndi mlonda wouwa chilichonse, mukamuuza kuti ali ndi mdani wosaoneka, ndiye kuti mwamulanda ndi tulo timene tinatsala tija. Mphaka akalira padenga, ndi iwowo. Mwana akatentha thupi, ndi iwowo. Ndipo mapeto a kulozana zala timawadziwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ngati wina akufuna ndalama kuti akuuzeni dzina la wokulodzani, kapena kuti akugulitseni madzi ndi mafuta okutetezani, kumbukirani mmene Petro anamuyankhira Simoni pa Machitidwe 8:20, atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Inu muli kale ndi ngongole, musawonjezere ina pogula mantha.

Nanga Mawu a Mulungu muwagwiritse ntchito bwanji pa ola loipalo? Mukadzidzimuka musadumphe n'kuyamba kufuula kudzudzula, chifukwa kufuula ndi kupuma mothamanga kumauza thupi kuti ngoziyo ndi yeniyeni. Khalani tsonga, mapazi apondetseni pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, mimba ifufume, kenako utulutseni ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Chofunika kwambiri ndi kutulutsako, kukhale kotalika kuposa kukoka, chifukwa ndi kumene kumachepetsa liwiro la mtima. Mukazolowera, m'malo mowerenga manambala ikanipo Salimo 56:3. Pokoka mpweya: "Tsiku lakuopa ine." Potulutsa: "ndidzakhulupirira Inu." Salimo limeneli ndi la Davide pamene Afilisti anamugwira ku Gati, ndipo ndimalikonda chifukwa silibisa kanthu. Mantha alimo, chikhulupiriro chilimo, m'vesi limodzi, mwa munthu mmodzi, tsiku limodzi. Muziyeserera masana mtima uli bwino, kuti usiku thupi lizikumbukira lokha.

Chenjezo langa ndi ili. Vesi si chithumwa. Ena amalinena kakhumi, n'kugwira pamtima kuti aone ngati lagwira ntchito, akapeza ukugundabe n'kuyambiranso, tsopano ali ndi nkhawa yatsopano yoti sanalinene ndi chikhulupiriro chokwanira. Simukunena vesilo kuti muthamangitse kugundako. Mukulinena kuti mukhale ndi Mulungu pamene kugundako kukudutsa, ndipo kumadutsadi. Mukadziuza kuti ichi ndachidziwa, chifika pachimake kenako chitsika, mwachilanda mphamvu yaikulu. Foni musaiyatse. Ngati tulo takana, dzukani mukhale pampando mu kuwala kochepa, muwerenge salimo, mubwerere pabedi maso akayamba kulemera.

Masalimo oti muwerenge asakhale a chigonjetso okhaokha. Mwa masalimo 150, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo. Mu Salimo 77 Asafu akuti usiku anatambasula manja osaleka, moyo wake unakana kutonthozedwa, akakumbukira Mulungu ankangobuula, ndipo akufunsa poyera ngati Mulungu waiwala kuchita chifundo. Salimo 88 limatha popanda mawu alionse a chiyembekezo, koma analisiya m'buku la nyimbo za anthu a Mulungu kuti liziimbidwa. Ife m'mapemphero athu tinazolowera kuti munthu akaima ayambe ndi kunena kuti zonse zili bwino. Baibulo silitikakamiza kunama. Mungathe kumuuza Mulungu kuti ndatopa, ndikuopa, sindikukumvani, ndipo limenelo ndi pemphero lathunthu.

Masana ndiye pali ntchito ina. Cha m'ma 701 Khristu asanabadwe, mfumu Senakeribu ya ku Asuri inalanda mizinda ya Yuda n'kutumiza kalata yoopseza kwa Hezekiya ku Yerusalemu. Pa 2 Mafumu 19:14 timamva kuti Hezekiya anaiwerenga kalatayo, n'kupita nayo kunyumba ya Yehova, n'kuifunyulula pamaso pake. Sanaibise pansi pa mphasa, sanayendenso nayo m'mutu usiku wonse. Inunso gulani kope la ana asukulu. Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse, mwina mukaweruka kumsika dzuwa lisanalowe, mukhale pansi mphindi 15 kapena 20, mulembe chilichonse chimene chikukudyani, chimodzichimodzi, ndi dzina lake lenileni. Osati "mavuto a pakhomo", koma fizi ya mwana wachiwiri, lendi ya mwezi uno, mapepala a bambo. Pa chilichonse mudzifunse ngati pali chimene mungachite sabata ino. Ngati chilipo, lembani chochitacho ndi tsiku lake. Ngati palibe, chiwerengeni mokweza pamaso pa Mulungu n'kutseka kopelo. Uku ndiko kutaya pa Iye nkhawa yanu yonse kumene 1 Petro 5:7 akunena, ndipo alangizi a za maganizo amaphunzitsanso njira yomweyi. Ganizo likabwera usiku, muliuze kuti nthawi yako ndi mawa madzulo, ndakulemba kale. Masiku oyamba silimvera, koma limazolowera. Pomaliza lembani zinthu ziwiri kapena zitatu za tsikulo zoyamikira, zenizeni, monga kuti mwagulitsa madiresi awiri kapena kuti mwana wachira chifuwa. Chiyamiko chimene Paulo anachiika m'vesi lija chimakokera maso ku zimene zilipo, pamene nkhawa imangoona zimene zingadzachitike.

Pa ngongolepo pali mayi mnzanu m'Baibulo. Pa 2 Mafumu 4 mkazi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri anapita kwa Elisa akulira kuti wangongole akubwera kudzatenga ana ake awiri akhale akapolo. Mwamuna wake anali woopa Mulungu, koma anasiya ngongole, ndiye tisamati ngongole imagwera osapemphera okha. Elisa anamufunsa chimene ali nacho m'nyumba, anamutuma kukabwereka zotengera kwa anansi, ndipo mafuta atachuluka anamuuza kuti akagulitse, abweze ngongole, zotsalazo adye ndi ana. Chozizwitsa chinalipo, koma munalinso kuwerenga zimene ali nazo, kugogoda pa zitseko za anansi ndi kupita kumsika. Anthu ambiri angongole amene ndimacheza nawo sadziwa n'komwe chiwerengero chenicheni, amaopa kuchiyang'ana, ndiye m'mutu mwawo chimakula usiku uliwonse. Lembani ndalama imene munatenga, chiwongoladzanja chake, imene mwabweza, ndi imene yatsala. Musadikire tsiku la banki kuti mukachite manyazi pagulu. Pitani kwa amayi apampando tsikulo lisanafike, muwauze zoona, mupemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono. Chimene ndikukuletsani ndi mtima wonse ndi kupita kwa akatapila kuti mutseke ngongole iyi, chifukwa kumeneko ndi kumene anthu amataya katundu wa m'nyumba ndi mtendere womwe. Ndipo musadziimbe mlandu pa zimene simunachite. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mabelo a kaunjika anakwera mtengo pamene ogula matumba awo anaphwa. Limenelo si tchimo lanu.

Mwina mufunsa kuti kukonzekera kotereku sikukutsutsana ndi mawu a Yesu oti tisadere nkhawa za mawa? Ayi. Yosefe anasunga tirigu zaka 7 ku Iguputo, Nehemiya anapemphera n'kuikanso alonda usana ndi usiku. Kukonzekera kumathera pa chochita, ukachita umapuma. Nkhawa imazungulira pamodzimodzi osabala kanthu. Yesu anati zikwanire tsiku zovuta zake, kuvomereza kuti tsiku lililonse lili nazo zovuta, koma mphamvu zimene mwapatsidwa lero ndi za lero, monga mana a m'chipululu aja ankatoledwa a tsiku limodzi.

Za bambo ku Joni, pangani nawo pangano la tsiku ndi ola loimbirana, kuti masiku enawo musamangoyang'ana foni. Pemphani nambala ya Mmalawi mnzawo amene amakhala naye kapena kugwira naye ntchito. Kambiranani poyera chimene mudzachite ngati atagwidwa. Ambiri opanda mapepala amasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kenako n'kubwezedwa kumudzi. N'zowawa, koma chinthu chimene mwachikambirana sichiopsa ngati chimene mukuchiopa kuchitchula. Za ngongolezo muwauzenso, musazisenze mobisa. Makanema a zipolowe a pa Facebook ndi WhatsApp musamawaonere usiku, ena mwa iwo ndi akale, amangowazunguliza. Foni ikalira pumani kamodzi n'kuyankha. Mukamaithawa kapena kupatsa mwana kuti ayankhe, ubongo umatsimikiza kuti foniyo ndi yoopsadi, ndipo mantha amakula.

Tibwerere kwa Tito uja, ku mfundo yoti Mulungu amatonthoza kudzera mwa anthu. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa cha m'ma 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench, kuyambira ku Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi wamba kukhala pa benchi kunja kwa chipatala, kumvetsera munthu woganiza kwambiri osamuweruza, n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi ndi chochita chake. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anacheza ndi agogowo ndi 12 okha pa 100 alionse amene anali akadali ndi zizindikiro za nkhawa, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha masiku onse anali 48. Ndikaganiza za zimenezi ndimaona kuti mipingo yathu ili ndi chuma chimene sitikuchigwiritsa ntchito. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a m'miphakati, amakumana sabata ndi sabata, amadziwana makomo. Chimene chimasowa ndi khutu lofatsa ndi pakamwa posunga chinsinsi. Miyambo 12:25 imati nkhawa imaweramitsa mtima wa munthu koma mawu abwino amaukondweretsa, ndipo Agalatiya 6:2 akutiuza kunyamulirana zothodwetsa. Mayi amene anakuwerengerani vesi uja musamusungire chakukhosi, anapereka chimene anali nacho. Koma sankhani mayi mmodzi wokhwima maganizo, amene nkhani za anthu sizimveka kuchokera kwa iye, mumuuze zonse monga mwandiuzira ine.

Pali chinthu chimodzi chimene sichidikira. Ngati ganizo la Eliya lija likukufikirani, loti bola kungofa, muuze munthu tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Tameki, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi ambiri zichoke m'nyumba, akasunge wina. Ganizo limeneli limabwera ndi kutopa kwa matendawa ndipo limachoka munthu akathandizidwa. Chimodzimodzinso ngati pachifuwa pakupweteka mpaka kutsikira kumkono kapena kunsagwada, makamaka mukamayenda kapena kukwera mtunda, kapena ngati mwakomokapo, musati ndi nkhawa chabe, thamangirani kuchipatala.

Ngakhale zoopsazi palibe, kuchipatala mupite ndithu sabata ino. Hezekiya yemwe uja atadwala, Mulungu anamulonjeza kuti achira, koma Yesaya analamulabe kuti amuike nkhuyu pachotupa. Paulo anamuuza Timoteo chochita ndi m'mimba mwake mmene munkamuvuta kawirikawiri, sanamuuze kuti alape. Chifukwa china chopitira n'chakuti alipo matenda a m'thupi amene amabwera ndi zizindikiro zomwezi. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima, ndipo n'kofala kwa amayi amene amataya magazi ambiri akamasamba. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira muyeso munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amaonda. Pa msinkhu wanuwu thupi likhozanso kuyamba kusintha pokonzekera kusiya kusamba, ndipo thukuta la usiku ndi kusowa tulo zimabwera nazo. Akuyezeni BP ndi shuga. Mankhwala ena, monga salbutamol wa mphumu ndi efavirenz amene ali m'ma ARV ena, amatha kubweretsa kugunda kwa mtima kapena maloto oipa, ndiye ngati mukumwa alionse muwatchule, koma musawasiye panokha. Tiyi wambiri, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija muchepetse, makamaka dzuwa likapendeka.

Ambiri amaopa kuti akangotchula za maganizo ndiye kuti awatumiza ku Zomba Mental. Matenda ngati anuwa munthu amathandizidwa akuchokera kunyumba. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Queens kumene kuli madokotala ndi anamwino a matenda a maganizo. Owerenga ena amene ali ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kulinso a St John of God, ndipo m'zipatala za m'maboma mumakhala anamwino ophunzira za matendawa. Mwina adzakupatsani uphungu wokha, mwina adzawonjezera mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline. Amenewa sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata 2 mpaka 6, masiku oyamba ena amamva nseru kapena kusakhazikika, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi munthu akangoyamba kupeza bwino. Diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium, amagonetsa msanga koma thupi limamuzolowera, ndiye musagule pamsika kapena kulandira kwa mnzanu.

Mukalowa kwa dokotala musangoti mutu ukundipweteka kapena thupi lonse likuphwanya, chifukwa mudzatuluka ndi panado. Nenani monga mwalembera kuno: kuti papita chaka, kuti mumadzidzimuka 2 koloko mtima ukugunda, manja dzanzi, mpweya ukuperewera, kuti mumaona ngati mukufa, kuti mumaganiza kwambiri za ngongole ndi za bambo, ndi kuti mwakhala mukusala kudya. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi kope lija, ndipo mayi amene mwamusankha uja mumupemphe akuperekezeni, kuti zimene mungaiwale pofotokoza akakukumbutseni.